Nkhokwe ya Zithunzi za Dziko Lapansi

Kufupi ndi mzinda wa Sioux Falls, m'cigawo ca South Dakota ku America, pakati pa minda ya cimanga ndi soya, pali nyumba yaikulu imene ikusunga zithunzi za mudzi wanu. Ana inu, mwina mukudabwa pomva zimenezi, pakuti simunaonepo mlendo wocokera kumeneko akuyendayenda ndi kamera pakhomo panu. Zithunzizo zinajambulidwa kucokera kumwamba, kuseri kwa mitambo, ndipo zoyamba mwa izo zinatengedwa ambiri a aphunzitsi anu asanabadwe. Nkhani ino ikusimbirani m'mene zithunzi zimenezi zinayambira, m'mene zina zinatayikira, ndi m'mene maiko anagwirizanira kuzisonkhanitsa m'nkhokwe imodzi.

Ambiri a inu munamvapo za Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, kumene dziko lathu linaimika mbale yaikulu yacitsulo m'caka ca 1974 kuti tizilankhulana ndi maiko akutali. Mbaleyo inali kuyang'ana setilaiti yonyamula mau a lamya ndi zithunzi za wailesi yakanema. Setilaiti ndi makina amene anthu amawaponya kumwamba ndi roketi kuti azizungulira dziko monga umacitira mwezi. Tsono pali masetilaiti a mtundu wina, amene nchito yao ndi kupenya pansi ndi kujambula nthaka, mitsinje, nkhalango ndi mizinda. Amenewa ndiwo tifuna kuwadziwa.

Munthu amene analimbikira kuti pakhale setilaiti yotere anali William Pecora, mkulu wa bungwe la United States Geological Survey, limene limapima nthaka ndi miyala ku America. M'caka ca 1966 nduna yoyang'anira za malo, Stewart Udall, inalengeza kuti boma lidzapanga makinawo. Nchito inatenga zaka 6. Pa 23 Julayi 1972 roketi inanyamuka ku Vandenberg, m'cigawo ca California, itasenza setilaiti imene pambuyo pake anaicha Landsat 1. Pecora sanaione ikuuluka. Anamwalira kutatsala masiku owerengeka cabe.

Landsat 1 inali kuuluka pamtunda wa makilomita pafupifupi 900 kucokera pansi, kutalika koposa ulendo wa pamsewu wocokera ku Lusaka kukafika ku Lundazi. Inali kuzungulira dziko ka 14 pa tsiku, kudzera ca kumpoto kweni-kweni ndi kumwera kweni-kweni, dziko nalo likutembenuka pansi pake. Pakutha pa masiku 18 inali kubwerera pamalo pomwe paja, nthawi yofanana ya m'mawa, kuti mithunzi ya mapiri isasiyane kwambiri. Cithunzi cimodzi cinali kutenga dera la makilomita 185 m'lifupi. Aphunzitsi, onetsani ana pa mapu kuti mtunda umenewu ukuposa wa pakati pa Lusaka ndi Kabwe.

M'setilaitimo munali zojambulira za mitundu iwiri. Akatswiri ambiri anali kudalira makamera onga a wailesi yakanema, koma amenewa anazimitsidwa patangopita milungu iwiri cifukwa ca vuto la magetsi. Cimene cinapulumutsa nchito yonse cinali cipangizo coyesera cabe, cokhala ndi kalirole wogwedezeka uku ndi uku, cimene anaciganiza ndi mai wina wodziwa masamu, Virginia Norwood, wa kampani ya Hughes. Kaliroleyo anali kusesa nthaka mzere ndi mzere monga m'mene mumalimira mizere m'munda. Cipangizoco cinali kuyeza kuwala kwa mitundu inai: kobiriwira, kofiira, ndi mitundu iwiri ya kuwala kumene maso athu sakuona, koma kumene masamba amoyo amakubweza kwambiri. Ndico cifukwa cake cinatha kusiyanitsa cimanga cathanzi ndi cimanga cofota.

Apa cherani khutu, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Cimene setilaiti inali kutumiza pansi anali manambala. Kacigawo kalikonse ka nthaka, kakukula ngati bwalo la mpira, kanali kupatsidwa nambala kuyambira 0 kufika 63, monga mwa kuwala kwake. Manambala mamiliyoni ambiri amenewa anali kulembedwa pa matepi, onga a nyimbo amene agogo anu anali kuika m'wailesi, koma aakulu kwambiri ndi olemera. Popanda makina owerenga tepiyo, ndiponso popanda munthu wodziwa dongosolo la manambalawo, palibe cithunzi cimene cingaoneke. Buku lakale mukhoza kulitsegula ndi manja n'kuliwerenga ngakhale litadyedwa ndi njenjete m'mphepete. Tepi imafuna makina, magetsi ndi wodziwa.

Nanga n'cifukwa ciani anthu amavutika kusunga zithunzi zakale, pamene setilaiti ikujambula zatsopano tsiku ndi tsiku? Taganizirani mtsinje wa Kafue. Damu la Itezhi-Tezhi linatha kumangidwa m'caka ca 1977. Cithunzi ca lero cikuonetsani nyanja yaikulu pamalo amenewo, koma sicingakuuzeni cimene cinalipo kale. Cithunzi cojambulidwa damu lisanatsekedwe cikuonetsa mtsinje ukudzipitira pakati pa chire, ndi m'mene madzi anali kusefukira m'madambo a kumunsi kumene ng'ombe zimadya msipu m'cilimwe. Mukaika ziwirizi pamodzi, mumaona cimene damu linasintha. Momwemonso ndi nyanja ya Chad, imene ca m'ma 1960 inali yoposa masikweya kilomita 20,000, koma pofika m'ma 1980 inali itaphwa n'kutsala gawo laling'ono. Setilaiti yatsopano, ngakhale ikhale yamaso akuthwa cotani, singabwerere m'mbuyo kukajambula caka ca 1975. Tsiku limene silinajambulidwe, kapena limene tepi yake inaonongeka, linapita.

Boma la America linatsegula nyumba ya ku Sioux Falls ija, yochedwa EROS, m'caka ca 1973, kuti ikhale nkhokwe ya zithunzizi. Koma si zonse zinali kufika kumeneko. Setilaiti imatha kutumiza manambala ake pokhapokha ikamaonana ndi mbale yolandirira imene ili pansi. Ikakhala kutali, monga pamwamba pa Africa, iyenera kusunga manambalawo m'mimba mwake kufikira itadutsa pa siteshoni. Masetilaiti oyamba anali ndi matepi m'kati mwao, koma anali osakwana ndipo anali kuonongeka msanga. Cotero maiko ena anapangana ndi America kuti amange masiteshoni ao. Canada inayamba mu 1972, Brazil inamanga yake ku Cuiabá mu 1973, Italy ku Fucino, Australia ku Alice Springs, ndipo South Africa inayamba kulandira zithunzi za Landsat ku Hartebeesthoek, pafupi ndi Pretoria, mu 1980. Siteshoni iliyonse inali kulandira zithunzi za dera lozungulira iyo, ndi kuzisunga m'nyumba yake-yake, pa matepi a mtundu umene inadzisankhira.

Dziko lathu la Zambia lili m'kati mwa dera limene mbale ya ku Hartebeesthoek imafikira. Taonani m'mene zinalili: m'zaka zimene South Africa inali pansi pa ulamuliro wa tsankho, ndipo Lusaka inali kusunga anthu othawa ulamulirowo, zithunzi za minda ndi mitsinje yathu zinali kutsikira m'dziko limene sitinali kugwirizana nalo. Maiko osauka ambiri anadandaula kuti ena akuwajambula popanda kupempha, iwo eni osaona n'komwe zithunzizo. Nkhaniyi inakambidwa zaka zambiri ku United Nations, ndipo mu 1986 anagwirizana kuti dziko limene lajambulidwa likhale ndi mwai wopeza zithunzi zake mosakondera ndi pamtengo woyenera. Mau anali abwino, koma mtengo unali kupita kwina.

Mu 1984 nyumba ya malamulo ya ku America inalamula kuti nchito ya Landsat iperekedwe kwa amalonda, ndipo caka cotsatira kampani ya EOSAT inaitenga. Pa nthawiyo Landsat 4 ndi Landsat 5 zinali kujambula bwino koposa, kacigawo kalikonse kali mamita 30 okha. Koma mtengo wa cithunzi cimodzi unakwera kupyola madola 4,000. Mphunzitsi wa pa yunivesite amene anafuna kuona m'mene nkhalango yasinthira pa zaka 10 anayenera kugula zithunzi zingapo, ndipo ndalama zotere analibe. Ogula atacepa, kujambula nako kunacepa, pakuti wamalonda sajambula malo amene palibe wowafuna. Kuonjezera apo, Landsat 5 inalibe cosungira m'kati mwake, ndipo cipangizo cake cotumizira manambala kudzera pa setilaiti inzake citafa, inali kujambula malo okhawo amene anali pafupi ndi siteshoni. Madera ena a pakati ndi kumadzulo kwa Africa anakhala zaka osajambulidwa kweni-kweni. Mpata umenewu ulipo kufikira lero. Ndiyesa kuti pa zolakwa zonse za m'mbiri imeneyi ici ndico cacikulu, cifukwa ndalama zimene anafuna kupulumutsa zinali zocepa poyerekeza ndi mtengo wa masetilaiti amene anali kale kumwamba.

Mu 1989 ndalama zoyendetsera masetilaiti awiriwo zinatsala pang'ono kutheratu, ndipo anangopulumuka cifukwa boma linafunafuna thandizo mwamsanga. Mu 1992 lamulo latsopano linanena kuti boma liyenera kusunga zithunzi zimenezi mpaka kale, monga cuma ca mtundu. Caka cotsatira Landsat 6 inalephera kufika m'njira yake, nitayika. Mwai unali wakuti Landsat 5, imene anaipanga kuti igwire nchito zaka 3, inakana kufa. Inaponyedwa mu 1984 nipumitsidwa mu 2013.

Tsono tiyeni tilowe m'nkhokwemo tione adani ake. Inu mudziwa kuti cimanga ca m'nkhokwe cimaopa anankafumbwe, makoswe ndi cinyezi. Tepi nayo imaopa cinyezi. Pamwamba pake pali fumbi lacitsulo lomatidwa ndi ulimbo wina, ndipo manambala amakhala m'fumbi limenelo. Zaka zikapita, ulimbowo umamwa madzi a m'mpweya n'kuyamba kunanda. Mukaika tepi yotere m'makina, fumbi lija limakanganuka n'kutsalira pamutu wowerengera, ndipo manambala amapita nalo. Akatswiri anapeza mankhwala odabwitsa: amaika tepiyo mu uvuni wofunda pang'ono, madigiri 50 ndi kanthu, kwa maola ambiri, kuti cinyezi cicoke. Ikazizira imawerengeka kwa kanthawi, ndipo pamenepo ayenera kukopera manambala onse pa cosungira catsopano asanacedwe.

Mdani waciwiri ndi kutha kwa makina. Kampani imene inapanga makina owerengera matepi a 1975 inaleka kale kuwapanga, ndipo zitsulo zosinthira zimasowa. Anthu amene anali kudziwa kuwakonza anakalamba. Pepala lofotokoza dongosolo la manambala likasocera, tepi yabwino-bwino imasanduka ngati kalata ya cinenero cimene palibenso wocilankhula. N'cifukwa cake mabungwe a masetilaiti a maiko osiyana-siyana, atapanga komiti yao yochedwa CEOS mu 1984, anayamba kugwirizana za kalembedwe kamodzi ka matepi, kuti tepi ya ku Italy iwerengeke ku Canada. N'cifukwa cakenso a ku EROS amasamutsa nkhokwe yonse kuiika pa zosungira zatsopano pakapita zaka zingapo, ndipo amasunga makope kumalo enanso, kuopa moto ndi mphepo yamkuntho.

Mdani wacitatu ndi munthu mwini. Pamene Neil Armstrong anaponda pamwezi mu Julayi 1969, zithunzi zooneka bwino koposa za ulendowo zinalembedwa pa matepi. Patapita zaka zoposa 30 anthu anawafuna, koma sanawapeze. Mu 2009 bungwe la NASA linanena kuti matepiwo ayenera kuti anafufutidwa pamodzi ndi ena ambiri n'kugwiritsidwanso nchito, pa nthawi imene matepi atsopano anali kusowa. Amene anacita zimenezi sanali oipa mtima. Anali kutsata lamulo la pa nchito, ndipo palibe anawauza kuti m'mabokosiwo munali cinthu cosapezekanso. Koma nthawi zina zinthu zimatha bwino. Setilaiti ya zanyengo yochedwa Nimbus 1 inajambula dziko mu 1964, ndipo zithunzi zake zinakhala m'zitini za filimu zaka zoposa 40 popanda wozitsegula. Akatswiri a ku Boulder, m'cigawo ca Colorado, atazipeza n'kuzikopera m'kompyuta, anatha kuyeza kukula kwa madzi oundana ozungulira Antarctica m'mwezi wa Seputembala 1964, kutatsala mwezi umodzi kuti Zambia ilandire ufulu wake.

Landsat 7 inaponyedwa mu 1999, ili m'manja mwa boma, ndipo mtengo wa cithunzi unatsika kufika madola 600. Ngakhale zinali tero, m'caka ca 2001, cimene malonda anayenda bwino koposa, anagulitsa zithunzi pafupifupi 25,000 cabe. Dziko limene linayamba kuonetsa njira ina linali Brazil. Mu 2004 linayamba kupereka kwaulere zithunzi za setilaiti ya CBERS, imene linapanga mothandizana ndi China, ndipo anthu ozifuna anaculuka modabwitsa. Mu 2007, pamsonkhano wa ku Cape Town, maiko awiriwa analonjeza kupereka zithunzizo kwaulere kwa maiko a mu Africa. America inatsatira mu 2008, nitsegula nkhokwe yonse ya Landsat kwa aliyense wokhala ndi intaneti. Caka ca 2009 cisanathe, zithunzi zotengedwa zinali zitapyola 1,000,000.

Apa m'pamene anthu anakumbukira matepi aja amene anali m'masiteshoni a maiko ena. Zinapezeka kuti zithunzi zimene zinali kunja zinali zambiri kuposa zimene zinali ku Sioux Falls, ndipo masiteshoni ena anali atatsekedwa kale, matepi ao ataunjikidwa m'zipinda zacinyezi. Mu 2010 inayamba nchito yozisonkhanitsa. Maiko anatumiza mabokosi a matepi a mitundu yosiyana-siyana, ena atacita nkhungu, ndipo akatswiri anayamba kuukitsa makina akale, kuotha matepi mu uvuni ndi kumasulira manambala kuti onse alankhule cinenero cimodzi. Pofika pa 1 Januwale 2015 m'nkhokwemo munali zithunzi 5,532,454, ndipo pafupifupi mamiliyoni 3.2 mwa izo zinali zocokera ku masiteshoni akunja. Dziko limene linapereka matepi ake silinataye kanthu, pakuti tsopano likhoza kutenga zithunzi zake zomwe zija zitakonzedwa, pamodzi ndi za anansi ake. Nchitoyi ili m'kati, mu 2011, bungwe la UNESCO linalemba zithunzi za cipangizo ca mai Norwood m'kaundula wa zolembedwa zimene dziko lonse liyenera kuzisamala.

Phindu linaoneka msanga. Mu 2013 gulu lotsogozedwa ndi Matthew Hansen, wa pa yunivesite ya Maryland, linasanthula zithunzi za Landsat zoposa 650,000 ndi makompyuta ambiri, nilipanga mapu a nkhalango za dziko lonse. Anapeza kuti pakati pa 2000 ndi 2012 dziko linataya nkhalango za masikweya kilomita mamiliyoni 2.3, pamene zomera kumene zinali 800,000 cabe. Pamtengo wa zaka za m'ma 1980 nchito imeneyi ikanafuna madola mabiliyoni oposa awiri pa zithunzi zokha. Kuno kwathu zithunzi zotere zimathandiza kuona m'mene mitengo ya m'chire ikutheramo cifukwa ca makala ndi minda yatsopano, m'mene Lusaka yafutukukira kumene kale kunali mafamu, ndi m'mene gombe la Kariba limabwerera m'zaka za cilala monga 2019 ndi 2024. Zambia ili ndi bungwe lake loona za zithunzi zimenezi, National Remote Sensing Centre, ku Lusaka, ndipo ndi membala wa likulu la mapu la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa limene linakhazikitsidwa ku Nairobi mu 1975.

Musaganize kuti zithunzi zonse za m'nkhokwe n'zokongola. Za m'dzinja, kuyambira Novembala kufika Epulo, zambiri n'zochingidwa ndi mitambo. Za m'cilimwe zimaoneka bwino, ngakhale kuti utsi wa lupsa umazidetsa. Ndipo pa 31 Meyi 2003 kacipangizo kena ka mu Landsat 7 kanathyoka, kotero kuti zithunzi zake zonse zocokera tsikulo zili ndi mizere yakuda, yopanda kanthu, yokwana gawo limodzi mwa magawo asanu a cithunzi kapena kuposerapo pang'ono. Zimenezinso sanazitaye. Akatswiri amadzaza mipatayo ndi zithunzi za masiku ena.

Landsat 8 inaponyedwa mu 2013, Landsat 9 mu 2021, ndipo ziwirizi zimasinthana kotero kuti malo alionse amajambulidwa masiku 8 alionse. Maiko a ku Europe anayamba kuponya masetilaiti ao a Sentinel-2 mu 2015, amene amaona kacigawo ka mamita 10, ndipo naonso amapereka zithunzi kwaulere. Akatswiri amayeza cipangizo catsopano ciliconse pocilinganiza ndi cakale, kawiri-kawiri pojambula malo amodzi a m'cipululu amene sasintha maonekedwe, kuti nambala ya 2021 itanthauze cimodzi-modzi ndi nambala ya 1984.

Aphunzitsi amene sukulu zao zili ndi kompyuta ndi intaneti akhoza kuzionera okha. Nkhokwe ya Landsat inagawa dziko lonse m'njira ndi m'mizere, monga mipando ya m'kalasi, ndipo malo alionse ali ndi manambala ake awiri. Mzinda wa Lusaka uli pa njira 172, mzere 71. Sankhani cithunzi ca mwezi wa Juni kapena Julayi ca zaka za m'ma 1980, ndi cina ca mwezi womwewo ca zaka zino, muwauze ana apeze bwalo la ndege ndi msewu wa Great East pa zonse ziwiri, kenaka ayeze ndi rula pamene nyumba zinali kulekezera.